Mpando wa Kutsogolo m'Boti la Gabson

Zaka khumi ndi ziwiri zimene Gabson anayendetsa minibasi pamsewu waukulu wochokera ku Lusaka, mkazi wake Clementina sanakhalepo pampando wa kutsogolo ngakhale tsiku limodzi. Aliyense wodziwa minibasi akudziwa kuti mpando umenewo si wa munthu wamba. Pamakhala abusa, aphunzitsi aakulu, kapena mtsikana wopaka milomo amene dalaivala wamuonera patali n'kuyamba kuponda buleki. Malo a Clementina anali kumbuyo kwenikweni, pamwamba pa tayala, mawondo atapanikizika ndi matumba a makala. Gabson ankati mkazi wa dalaivala ndi mwini nyumba, ndipo mwini nyumba salimbirana mpando ndi alendo. Clementina ankangomeza mawuwo, koma ankamuwawa, ndipo sanasiye kumuwawa chaka ndi chaka.

Chaka chimene Rufunsa inapatsidwa boma lakelake, mwini minibasi ija anaigulitsa, Gabson n'kutsala ndi laisensi m'thumba. Masiku amenewo munthu aliyense ankalankhula za chitukuko, ngakhale ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu. Gabson naye anaona masomphenya ake. Anati pamsewu padzaza maminibasi, koma mtsinje wa Lunsemfwa uli mbee, anthu akuwolokabe pa mabwato opalasa pamene dziko lapita patsogolo. Anakagula boti lakale la pulasitiki yolimba ndi injini yake kwa msodzi wina wa ku Luangwa, n'kulembapo ndi penti yofiira kuti MADALITSO OSEFUKIRA. Anthu ena anamuuza kuti mawu akuti kusefukira sakhala bwino pa boti, koma penti inali itauma kale.

Gabson anatsogola kupita kudooko la kufupi ndi kwa Shikabeta mvula itangoyamba. Clementina anatsalira milungu iwiri ku Mpanshya, kumalizitsa kugulitsa tomato wake ndi kusiya mwana wawo Mwiza kwa mlamu wake chifukwa cha sukulu. Tsiku limene anafika kumtsinje, atasenza mtolo wa miphika, Gabson anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwereranso kumutu. Clementina anali mayi amene Mulungu sanamumane thupi, ndipo anali atazolowera kuti mwamuna wake amaliyang'ana thupilo monga amayang'anira katundu wosalipira. Koma tsikulo maso a Gabson anawala ngati a munthu amene watola chinthu chimene wakhala akuchifunafuna.

“Amake Mwiza,” anatero, “tulani vintu ivo. Bwelani.”

Anamugwira dzanja pamaso pa anthu onse a padooko, chinthu chimene sanachitepo chikwatiranireni, n'kumutsogolera mpaka kumphuno kwenikweni kwa boti. Kumeneko anali atakhomerako kathabwa, n'kuyalapo chitenje.

“Kuyambila lelo malo yanu ni yano. Kusogolo. Kulibe wina azankhalapo, olo abwele minisitala.”

Clementina anakhala. Injini italira, madzi n'kuyamba kugawikana pansi pa mapazi ake, mphepo ikukupiza duku, anatembenukira kutsidya kuti anthu asaone kuti akulira. Anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo anaganiza kuti mapemphero ena amachedwa chabe panjira, sikuti amatayika.

Kuyambira pamenepo boti silinkachoka padooko iye asanakwere. Akachedwa kutsuka mbale, Gabson ankabwera yekha kudzamutenga, okwera akudikira. Akati apite kumunda, Gabson ankati munda suthawa. Njinga, mbuzi, matumba a feteleza, odwala opita ku chipatala, zonse zinkakwezedwa pakati ndi kumbuyo, koma kutsogolo kunali kwa Clementina yekha. Ndiye panabweranso za zakudya. Mwamuna amene kale sankabweretsa ngakhale sikono imodzi kuchokera ku Lusaka anayamba kufika ndi zitumbuwa zokulungidwa m'nyuzipepala, m'mawa ndi masana, n'kumaimirira pomwepo mpaka mkazi wake amalize.

Mwezi wa Januwale mpingo wawo unalengeza kusala kudya kwa masiku makumi awiri ndi limodzi, monga umachitira chaka chilichonse. Gabson, amene nthawi zonse ankakhala woyamba kubisa miphika, chaka chimenecho anakana kwamtuwagalu kuti mkazi wake asale.

“Mulungu aona mtima, osati mimba,” anatero. “Ine nizasala ya tonse babili. Imwe dyani.”

Nkhani inafika kwa abusa, ndipo Lamlungu lotsatira anawaimiritsa awiriwo kutsogolo kwa mpingo. Anauza amuna onse kuti aphunzire kwa m'bale Gabson, amene waika mkazi wake patsogolo pa zonse. Amayi anaimba nthungululu, amuna anayang'ana nsapato zawo. Ketrina, mnzake wa Clementina wogulitsa nsomba zouma padooko, anamukoka pambali atatuluka.

“Mwana wa amai, niuzeniko chabe. Munamudyesa chani? Wanga uja olo pa njinga amanikweza kumbuyo, pamwamba pa nkhuku.”

“Ni mapemphelo chabe,” anayankha Clementina, ndipo ankakhulupiriradi zimenezo.

Zinthu zinayamba kusokonekera pamene Phinias, mnyamata wa kutsidya amene anagwirako ntchito kumigodi, anabweretsa boti lakenso. Injini zinali zofanana kukula, koma la Phinias linkadutsa la Gabson pakati pa mtsinje ngati laima, n'kulisiya likugwedezeka m'mafunde. Amalonda anayamba kusamukira kwa Phinias mmodzimmodzi. Chimene chinamupweteka kwambiri Gabson chinali chakuti anthu a zaumoyo a boma latsopano, amene ankayenda ndi mabokosi a katemera kupita kumidzi ya kumunsi kwa mtsinje, nawonso anasamuka. Ankati katemera safuna kuchedwa padzuwa. Gabson anakhala masiku atatu akuyang'ana injini yake ngati yamunyoza. Potsiriza anapeza mlandu pa pulopela, kachitsulo ka mapiko atatu kamene kamazungulira m'madzi kuseri kwa injini n'kumakankha boti.

Pachitsulocho panali patadindidwa nambala 13. Gabson, pokhala dalaivala, sanafunse munthu tanthauzo lake. Giya yaikulu ndiyo imathamanga, choncho nambala yaikulu ndiyo ithamanga. Analemba papepala dzina la injini ndi nambala 15, n'kulemba mzere kawiri pansi pake. Clementina anali kale ndi ulendo wa ku Lusaka wokapikula zovala za kaunjika, ndiye pepalalo analipereka kwa iye.

“Masiku yabili chabe,” anamuchonderera. “Musachedwe. Boti siyenda bwino ngati kulibe imwe.”

Mawu amenewa Clementina anawasunga mumtima njira yonse. Mu minibasi anamuika kumbuyo, pamwamba pa tayala monga kale, ndipo kutsogolo kunakhala kamtsikana kovala magalasi akuda. Iye sizinamukhudze n'komwe. Anali ndi mpando wake kwawo, ndipo anakayang'ana kamtsikanako mwachifundo.

Sitolo ya zipangizo za maboti anaipeza atafunsa anthu asanu. Wogulitsa anali bambo wa imvi dzina lake Levy, amene anakalambira pa maboti ophera nsomba za kapenta ku Siavonga, ndipo anali ndi matenda a anthu odziwa ntchito yawo: sankatha kugulitsa chinthu asanafunse mafunso. Anawerenga pepala lija, n'kuyang'ana Clementina pamwamba pa magalasi.

“Amai, iyi boti imanyamula chani?”

Clementina anafotokoza zonse, njinga, mbuzi, feteleza, anthu khumi nthawi zina khumi ndi awiri.

“Na katundu yonse iyo afuna fifitini? Bamuna banu benze ba dalaiva, ai?”

“Mwaziba bwanji?”

“Bonse ba dalaiva bamabwela na pepala ya so.” Levy anatsitsa mapulopela awiri pashelefu n'kuwagoneka patebulo. “Iyi namba ni mwamene pulopela ilumila manzi. Ikankhala ikulu, iluma maningi pa kamodzi. Ni bwino ngati boti ilibe katundu. Manje imwe mwazaza mbuzi na bantu, injini ilephela kuzungulusa, ingolila chabe. Muziba Manenekela?”

Clementina anaseka. Ndani wa ku Rufunsa sadziwa mapiri a Manenekela, kumene malole amakwera akulira ngati akupita kumaliro?

“Bafunseni bamuna banu ngati banakwelapo Manenekela na giya foo, minibasi ili yozula. Ndiye vamene bafuna kuchita pa manzi. Manje niuzeni, bakasegula injini, mphuno ya boti imachita bwanji? Imanyamuka?”

“Imanyamuka pang'ono poyamba. Munthu umvela monga ukwela kaphili. Pambuyo pake imagona.”

“Pang'ono chabe?” Levy anakwinya nkhope. “Awe. Boti ya so, injini ya so, na pulopela ya satini, mphuno ifunika kuyang'ana kumwamba monga ipempha mvula. Woyendesa saona na kusogolo. Ngati imagona, ndiye kuti bamuna banu banaikako cholema kusogolo. Bonse bamachita so. Benangu masaka ya mchenga, benangu myala. Kuli wina ku Siavonga anaika injini yakufa ya chigayo.” Anaseka yekha pokumbukira. “Banu banaikako chani?”

Clementina anatsegula pakamwa kuti anene kuti kutsogolo kulibe kanthu, kumangokhala iye. Mawuwo anafika pa lilime n'kubwerera okha.

Zinthu zina zimabwera pang'onopang'ono, koma izi zinabwera zonse pamodzi ngati ana akaweruka kusukulu. Anakumbukira maso a Gabson tsiku lija akumuyeza kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anakumbukira sabata imene anadwala malungo, atapita kudooko mochedwa n'kupeza pakathabwa kake pali matumba awiri a chimanga ofunditsidwa chitenje chake chomwe, Gabson n'kunena kuti ankasungira malo kuti wina asakhalepo. Anakumbukira zitumbuwa. Anakumbukira masiku makumi awiri ndi limodzi amene mwamuna wake anasala m'malo mwake, mpingo wonse ukumutamanda. Manyazi anamugwira mpaka kumapazi, ndipo anaona ngati sitolo yonse, ndi injini zopachikidwa kukhoma zomwe, ikudziwa kulemera kwake.

“Masaka,” anatero potsiriza. “Yabili.”

“Mwaona? Ninaziba.” Levy anakondwa monga amakondwera sing'anga akatchula matenda molondola. Anakankhira kutsogolo pulopela yoyamba, ya mapiko atatu, yonyezimira. “Iyi ndiye fifitini yamene bafuna. Nizakugulisani ngati mufuna, ni ndalama zanu. Koma mphuno izanyamuka kuchila manje. Ayo masaka sibazayachosa mpaka imfa. Penangu bazafunika kuikilako ya chitatu.” Kenaka anakankha yachiwiri, yakuda, yooneka yonenepa. “Iyi ni ileveni, mapiko folo. Namba ing'ono, injini izungulusa mosavuta olo muli katundu. Ndiponso mapiko folo yamanyamula matako ya boti, mphuno igona yeka. Boti ikagona ndiye ithamanga. Masaka muzataya. Kusogolo sikuzafunika kanthu, olo mwana wa sukulu angankhaleko.”

Clementina anapempha mpando. Levy anaganiza kuti ndi kutopa kwa ulendo, n'kumupatsanso madzi akumwa.

Apa ndiye panagona nkhani. Pepala linali m'manja mwake, nambala 15 ili ndi mizere iwiri pansi. Akanagula imeneyo, palibe akanamuimba mlandu, chifukwa wotumidwa amabweretsa chimene watumidwa. Boti likanapitiriza kukwawa, Phinias akanapitiriza kuwadutsa, koma mpando wa kutsogolo ukanakhala wake mpaka kalekale, ndi zitumbuwa zomwe, mwinanso zochulukirapo. Ketrina akanapitiriza kusirira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero anthu, ndipo chinsinsicho ankachidziwa anali iye yekha ndi Gabson. Akanatha kukhala pakathabwa paja monga kale, mutu uli m'mwamba, n'kumanamizira kuti sakudziwa kanthu. Akazi ambiri akhalitsa m'mabanja ndi zochepa kuposa zimenezo.

Koma mtima wa munthu ndi wovuta. Pansi pa manyazi onse aja panali kachiyembekezo kamene kanakana kufa. Mwina zinayambadi ngati matumba a mchenga, koma miyezi itatu ndi nthawi. Mwamuna amene wakhala akuyang'ana msana wa mkazi wake tsiku lililonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mwina anazolowera kuuona. Mwina kusala kuja sikunali kwa boti lokha. Njira yodziwira inali imodzi basi: kuchotsa chifukwa chimene ankamufunira, n'kuona ngati adzamuitanebe. Ankaopa yankho lake kuposa ng'ona za mu Lunsemfwa, komabe ankalifuna.

“Nipaseni ya mapiko folo,” anatero.

“Muli na nzelu kuchila ba dalaiva bonse,” anatero Levy akukulunga pulopelayo m'katoni. Clementina ali pakhomo kutuluka, bamboyo anamuitananso. “Chinangu, amai. Nthawi zina iyi imanyamula matako maningi. Mukamvela injini ikuwa pokhota, monga pulopela yachoka mu manzi, ndiye kuti kumbuyo kwapepuka. Musataye masaka yonse. Tengani imozi muike kumbuyo, pafupi na woyendesa.”

Clementina anagwedeza mutu osamvetsera kwenikweni. Maganizo ake anali kale kudooko.

Anafika kumtsinje tsiku lotsatira dzuwa litapendeka. Gabson anamuthamangira, koma maso ake anali pa katoni. Atatsegula n'kuwerenga nambala, nkhope inagwa.

“Amake Mwiza, nakutumani fifitini. Ichi ni chani? Ileveni? Mwanibwezela kumbuyo. Ba mu shopu baona muzimai, bakugulisani chamene chinakana kugulika.”

“Atate a Mwiza, munakwelapo Manenekela na giya foo?”

Anthu a padooko anali atayamba kusendera, ndipo dalaivala wa zaka khumi ndi ziwiri sakanayankha funso limenelo molakwa pagulu. Anatenga sipanala akung'ung'udza, anamasula pulopela yakale n'kumanga yatsopano. Atamaliza anatambasula dzanja monga mwa masiku onse kuti amukweze mkazi wake kutsogolo.

“Yesani mweka,” anatero Clementina. “Nalema.”

“Neka?” Maso a Gabson anathamangira kumulu wa miyala umene unali m'mbali mwa dooko, n'kubwerera msanga. Clementina anawaona masowo kupita ndi kubwera komwe, ndipo kachiyembekezo kake kanachepa pang'ono.

“Mweka. Kusogolo musaikeko kanthu.”

Gabson anakwera ngati munthu wopita kukalandira chilango. Anakoka chingwe, injini inalira, anatsegula mafuta pang'onopang'ono atakonzeka kuimirira kuti aone kutsogolo. Mphuno inadzuka pang'ono chabe n'kugona pomwepo. Boti linayala mimba pamadzi n'kuuluka. Linapita mpaka pokhota mtsinje, kumene injini inakuwa kamodzi mokweza, kenaka linabwerera likung'amba madzi, n'kudutsa boti la Phinias limene linkabwera kuchokera kutsidya. Gabson anaiwala kuti ndi mkulu wa mpingo, anaimba hutala ndi pakamwa.

Atakocheza anadumphira m'madzi ndi nsapato zomwe, n'kukagwada kuseri kwa injini kusisita mapiko anayi aja limodzilimodzi. Anauza aliyense amene anali pafupi kuti iye anadziwa kale kuti nkhani yagona pa mapiko, kuti nambala ndi za anthu osadziwa madzi. Madzulo onse analankhula za pulopela, ndipo za mpando wa kutsogolo sanatchule n'kamodzi komwe.

M'mawa mwake Clementina sanavale chitenje chake cha paulendo. Anatenga tsache n'kuyamba kusesa pabwalo, malo amene anali atasesa kale. Gabson anali atalawirira kudooko. Kuchokera pakhomo Clementina ankamva phokoso la okwera, mbuzi ikulira, munthu wina akukangana za njinga. Anamva injini ikulira n'kupita, ulendo woyamba wa kutsidya. Aka kanali koyamba m'miyezi itatu boti kunyamuka ndi okwera iye ali pakhomo ndiponso ali bwinobwino. Anasesabe. Patapita nthawi anamva injini ikubwerera, ikukuwa kawiri pokhota paja, kenaka inazima. Anadziuza kuti basi, yankho walipeza, ndipo anayamba kuganiza zokatenga khasu.

Ndiye anamva mapazi akuthamanga.

“Amake Mwiza, mukali kupyanga? Tiyeni, bantu balindila. Ba nesi babwelela kwa ise, tiyenda kumunsi na katemela.”

Tsache linagwa lokha. Clementina analowa m'nyumba, anavala chitenje cha paulendo, ndipo pomanga duku anadzipeza akuimba. Wabwera. Boti likugona lokha, likuthamanga lokha, silikufunanso matumba, koma munthuyu wasiya okwera padooko n'kuthamanga ulendo wonsewu kudzatenga mkazi wake. Anadzidzudzula chifukwa chomuganizira zoipa mwamuna wa mapemphero. Panjira yopita kudooko anayenda patsogolo, Gabson akumufulumizitsa kumbuyo, ndipo anamupatsa moni Ketrina mokweza kuposa masiku onse.

Pakathabwa ka kutsogolo panali patakhala kale namwino, mtsikana wochepa thupi, bokosi la katemera lili pamiyendo. Anapereka moni mwaulemu, osadziwa kuti wakhala pa chitenje cha mwini wake. Clementina anaima. Koma Gabson anali atamugwira kale dzanja, pamaso pa anthu onse monga tsiku loyamba lija, n'kumudutsitsa pakati pa njinga ndi mbuzi mpaka kumbuyo kwenikweni. Pafupi ndi injini panali kathabwa katsopano, misomali yake ikuwala.

“Naganiza maningi,” anatero Gabson mokweza kuti a pamtunda amve. “Mukazi safunika kunkhala kutali monga mulendo. Malo ya mukazi ni pambali pa mwamuna wake. Kuyambila lelo muzankhala pano, pafupi na ine.”

Amayi a padooko anaimba nthungululu. Ketrina anagwira pachifuwa n'kuyang'ana mwamuna wake, amene anayamba kufufuza chinthu m'thumba la malaya.

Clementina anakhala. Phewa lake linakhudza la Gabson, ndipo zoona zake n'zakuti chikwatiranireni sanayendepo ulendo atayandikana chotero. Zinali zokoma. Anafunitsitsa kuti zikhale zoona, ndipo kwa kanthawi anazilola. Boti linanyamuka, linagona bwinobwino, linafika pokhota paja, ndipo injini sinakuwe. Inangodutsa mwakachetechete, madzi ali phee kumbuyo. Kusakuwa kumeneko ndi kumene kunamukumbutsa mawu a Levy a pakhomo la sitolo, onse, mpaka thumba limodzi loika pafupi ndi woyendetsa.

Komabe sanafune kumuweruza munthu popanda kumufunsa. Anadikira mpaka atafika pamadzi owongoka, Gabson maso ali kutsogolo, nkhope ili ngwee ndi liwiro. Ndiye anafunsa ndi mawu wamba, monga munthu wofunsa za mchere.

“Atate a Mwiza, nankhala bwino apa, kapena nisendeleko?”

“Pang'ono chabe kumanzele,” anayankha Gabson osatembenuka n'komwe. “Yapendamila kuno kwanga.”

Kumanzere kunali kutali ndi Gabson. Clementina anasendera. Pakati pawo panatseguka malo okwana dengu la nkhuku, boti linawongoka, ndipo liwiro linawonjezekadi pang'ono, moti namwino kutsogolo anagwiritsa bokosi lake.

Panapita nthawi ndithu Gabson asanamve zimene pakamwa pake pananena. Atazimva, anatembenuka. Anamuyang'ana mkazi wake, mkaziyo akuyang'ana madzi. Kenaka anachita chokhacho chimene ankachidziwa. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kamtolo ka nyuzipepala kothimbirira mafuta, n'kukatambasulira pamalo opanda munthu aja.

“Vitumbuwa. Vikali vakupya.”

Clementina anaziyang'ana. Zinali zitatu, zofiirira bwino, za kwa mayi yemwe uja amene amathira shuga wambiri.

“Zikomo,” anatero. “Nayamba kusala lelo. Ija ya Januwale inanipita.”

“Manje? Mweka? Masiku yangati?”

“Muzaonela pa boti.”

Gabson anakhala chigwirire zitumbuwa zija, dzanja lina lili pa injini, osadziwa koziika. Kumtunda ana ndi amayi ochapa ankaimika manja kuwabayibitsa, akuuzana kuti taonani awiri aja, mpaka pano akudyetsana. Boti linapitirira kumunsi litagona bwino pamadzi, ndipo katemera anafika nthawi yabwino tsiku limenelo.